Funsani Wam'madzi: Aphunzitsi Ndi Awiri, Ndisankhe Uti?

FUNSO

Zikomo achimwene,

Chaka chatha ndinamaliza maphunziro oyamba a skuba, kusambira pansi pa madzi ndi silinda ya mpweya kumsana, ndipo ndili ndi khadi la Open Water. Pofika lero ndalowa pansi pa madzi maulendo 14. Mtima wanga tsopano uli pa kosi ya Advanced kuti ndizifika mamita 30. Ndapeza aphunzitsi awiri. Woyamba ndi mnyamata wansangala, akuti masiku awiri okha khadi lili m'manja, ndipo akuti chiyambireni sanalepheretsepo munthu. Wachiwiri ndi mayi wachikulire wosayankhulayankhula, amene wangondiuza kuti sangalonjeze kanthu asanandione m'madzi. Anzanga akuti ndisadzivute, ndingoona bungwe limene lalembedwa pa khadi basi. Ndithandizeni.

Mlongo wanu wothedwa nzeru

YANKHO

Achemwali,

Pitani kwa mayiwo. Ndikanatha kulekera pomwepa, koma mawa mudzakumana ndi aphunzitsi ena ine kulibe, ndiye khalani pansi ndikuuzeni chimene chandiyankhitsa msanga chonchi.

Mawu amene andiopsa m'kalata mwanu ndi akuti sanalepheretsepo munthu. Mnyamatayo akuwanena monyadira. Ine ndikawamva ndimadzifunsa kuti kodi onse amene anadutsa m'manja mwake anabadwa ali akatswiri, kapena iyeyo ndiye sayang'ana? Pagulu la ophunzira sipalephera wina amene makutu akumuvuta potsika, wina amene akangokoka mpweya wambiri amauluka ngati baluni, wina amene madzi akalowa m'masiki mtima umamuchoka. Anthu oterewa amafunika kuuzidwa kuti "lero ayi, tibwerezenso mawa." Mphunzitsi amene mawu amenewa sanatulukepo pakamwa pake, ameneyo akugulitsa makhadi.

Za anzanuwo, akunena zoona pang'ono chabe. Mabungwe alipo ambiri ndipo ena ndi akalekale. BSAC ya ku Britain inayamba mu 1953. CMAS inakhazikitsidwa ku Monaco mu 1959, mtsogoleri wake woyamba ali Jacques Cousteau. PADI inabwera mu 1966, SSI mu 1970. Onsewa amalemba mabuku, amaika malire a kuya, ndipo amatchula zochepetsetsa zimene wophunzira ayenera kuchita kuti apatsidwe khadi. Mvetsani mawu akuti zochepetsetsa. Wina amaphunzitsa mpaka pa mzere umenewo n'kusiya, wina amapitirira mpaka ataona kuti mwazigwiradi. Onse awiri amapereka khadi lofanana, mtundu umodzi, chizindikiro chimodzi. Bungwe silitsika nanu m'madzi. Amene amatsika nanu ndi munthu, wa maso awiri, amene akhoza kukuyang'anirani kapena kumayang'ana nsomba.

Ndisanachoke pa za mabungwe, chenjerani ndi dzina lakuti Advanced, chifukwa silitanthauza chimodzi kulikonse. Ku PADI, Advanced Open Water ndi madaivi (maulendo olowa pansi pa madzi) asanu, ina yakuya, ina yophunzira kuyenda ndi kampasi, zitatu zinazo mumasankha, ndipo munthu akhoza kuyamba atangomaliza kumene Open Water. Ku SSI, kwa zaka zambiri, kosi ya madaivi asanu yotereyi ankaitcha Advanced Adventurer, pamene khadi lawo la Advanced Open Water Diver linkafuna makosi anayi apadera ndi madaivi 24. Choncho mufunse bwinobwino kuti mukulembetsa chiyani. Dziwaninso kuti khadi la madaivi asanu silikusandutsani katswiri. Langokutsegulirani chitseko.

Chinanso chimene ambiri sachidziwa n'choti ku PADI munthu akhoza kulemba mayeso a uphunzitsi ali ndi madaivi 100, atakhala ndi khadi loyamba kwa miyezi isanu ndi umodzi yokha. Sindikunyoza achinyamata, tonse tinayambira penapake, ndipo ndaonapo anyamata osamala kuposa madoda. Koma dzina lakuti mphunzitsi palokha silikuuzani kuti munthuyo wafika kangati pa mamita 30, madzi ali akuda, mafunde akukoka, wophunzira ali mbuu ndi mantha. Zimenezo muyenera kufunsa nokha.

Tsopano ndikuuzeni chifukwa chake mamita 30 si masewera. Mamita 10 aliwonse a madzi a m'nyanja yamchere amaonjezera mphamvu yokupanikizani yofanana ndi ya mpweya wonse wa pamtunda pano, imene timaiyeza kuti 1 bar. Ndiye pa mamita 30 muli pa 4 bar, ndipo mpweya umene mukukoka ukutha kanayi kuposa pamwamba. Tengani silinda ya malita 12 yopopedwa kufika 200 bar. Muli malita 2,400. Munthu wopuma malita 20 pa mphindi ali pamwamba, pa mamita 30 akumeza malita 80. Munaphunzitsidwa kuti muzituluka ndi 50 bar yotsala, ndipo pa mamita 12 lamulo limenelo limakwana. Koma tayerekezani kuti muli pa mamita 30, geji yanu yosonyeza mpweya wotsala ili pa 50 bar, mnzanu wabwera maso ali tong'o, akudula pakhosi ndi dzanja kusonyeza kuti mpweya wamuthera. Mwamupatsa regulator yanu yachiwiri, chipangizo chopumira cha pakamwa. Nonse mitima ikugunda, aliyense akupuma malita 30 pa mphindi. Mphindi imodzi yokha yoti mugwirane bwino pansipo yadya malita 240. Kukwera modekha, mamita 9 pa mphindi, mpaka kufika pa mamita 5, kudyanso malita pafupifupi 460. Onse pamodzi ndi 700. Mu 50 bar yanu ija munali malita 600 okha. Ndipo sitinawerengere mphindi zitatu zoima pa mamita 5.

Masamu amenewa mphunzitsi wabwino amakupatsani pensulo kuti muwachite nokha musananyowe. Wina uja amangoti "mukafika pa 50 mundiuze."

Nthawi nayonso imafupika. Pa matebulo a PADI, pa mamita 18 mukhoza kukhala mphindi 56 n'kukwera popanda kukakamizidwa kuima m'njira kuti naitrojeni, gawo lalikulu la mpweya umene timapuma, achoke m'thupi. Pa mamita 30 ndi mphindi 20 zokha. Ndiye palinso kuledzera kwa pansi pa madzi, kumene naitrojeni yemweyo amabweretsa munthu akamayandikira mamita 30. Kumeneku ndiye ndili nako umboni wanga.

Ine Advanced yanga yoyamba ndinaichita kwa munthu wofanana ndi mnyamata wanuyo. Tinali ophunzira asanu ndi mmodzi, mphunzitsi mmodzi. Tsiku la daivi yakuya anatifotokozera tili m'boti, injini ikulira, theka la mawu ake linapita ndi mphepo. Tinatsika. Titafika cha pa mamita 28 ndinayamba kumva bwino modabwitsa, ngati ndalandira uthenga wosangalatsa koma sindikukumbuka kuti ndi wotani. Ndinakweza geji kuti ndione mpweya. Muvi ndinauona, manambala ndinawaona, koma tanthauzo lake silinafike m'mutu. Ndinaisiya, n'kuikwezanso, n'kuisiyanso. Mphunzitsi anali kutsogolo, ndinkangoona mafini ake achikasu, zopalasira za kumapazi zija, akuzimirira m'chimbuuzi. Sanacheuke. Amene anandigwira paphewa anali wophunzira mnzanga, munthu wa madaivi ochepa ngati ine ndemwe. Anatenga geji yanga, n'kuiyang'ana, n'kundilozera chala chachikulu m'mwamba. Titakwera mamita angapo mutu unayera ngati wina watsegula zenera, ndipo m'pamene mantha anandigwira. Ndinafika pamwamba ndi 20 bar. Madzulo ake tonse tinalandira makhadi, kuwomberana m'manja, kujambulitsa. Za geji yanga mphunzitsi sanazidziwe mpaka lero.

Patapita zaka ziwiri ndinakalembetsa kosi ina kwa bambo wina wa imvi, wamawu ochepa ngati mayi anuwo. Anayang'ana khadi langa, n'kuliika pambali, n'kuti, "Tiye ndikakuone." Ananditengera pa mamita 5 okha, n'kundilozera kuti ndipinde manja pachifuwa, ndingokhala phee pakati pa madzi, osakwera, osatsika. Achemwali, ndinachita manyazi. Miyendo inkangopalasa yokha, manja akufuna kupalasa nawo, mchenga ndinautibula mpaka bamboyo osaoneka. Titatuluka sanandikalipire. Anamasula lamba wanga n'kuchotsamo mtovu wolemera makilogalamu atatu, n'kuuika m'manja mwanga. Anati ndakhala ndikuunyamula pachabe zaka zonsezi, ndipo mpweya umene ndimapopera m'jekete yothandiza kuyandama polimbana nawo ndi umene umandiulutsa ndikamakwera. M'pamene ndinazindikira kuti aphunzitsi aulesi amakonda kulemetsa ophunzira ndi mtovu, kuti awagwaditse pansi pamzere ngati ana a sukulu, asamabalalike. Zimapepukitsa ntchito ya mphunzitsi, koma wophunzira amachoka osadziwa kuyandama.

Tsiku la daivi yakuya bambo uja anandipatsa kasileti ndi samu yaing'ono tili pamtunda, akuwerenga masekondi pa wotchi. Pansi anandipatsanso ina yofanana nayo. Ndinachedwa, ndipo ndinalakwitsa. Nthawi yonseyo anali pafupi moti akanatambasula dzanja akanandigwira, ndipo geji yanga ankaidziwa kuposa mwini wakene. Titatuluka anandionetsa sileti ija n'kundiuza kuti ndisaiwale mmene ndinkamvera m'thupi pa nthawi imene ndinkalemba zolakwikazo, chifukwa ndinkadziona ngati ndili bwinobwino.

Ndiye mungawasiyanitse bwanji musanalipire? Kandimverere anakanena za m'maluwa. Musadalire zithunzi za pa Facebook kapena nyenyezi zisanu za ophunzira akale, pakuti wophunzira watsopano sadziwa zimene sanaphunzitsidwe. Inenso tsiku lija ndikanapereka nyenyezi zisanu. Pemphani daivi wamba imodzi ndi aliyense wa awiriwa, kapena mupemphe kuonerera akuphunzitsa ena. Muli m'madzimo muyang'ane thupi lake. Kodi wagona chopingasa, manja ali phee, mafini ali m'mwamba osakhudza pansi? Kapena waima chilili ngati akupalasa njinga, akuswa matanthwe a korali ndi kutibula matope? Muyang'ane mapaipi ake, ngati amangidwa bwino kapena akungolendewera. Koma koposa zonse muwerenge kuti akucheuka kangati. Mphunzitsi wabwino khosi limamuwawa ndi kucheuka.

Pamtunda mumufunse kuti pa daivi yakuya mudzakhala angati. Malamulo a mabungwe ena amalola ophunzira mpaka 8 kwa mphunzitsi mmodzi, koma ine pa mamita 30 sindingalowe pagulu loposa anayi, ndipo madzi akakhala akuda, awiri akwana. Mumufunse kumene kuli silinda ya okosijeni yothandizira pangozi, ndipo akuonetseni ndi maso, osati kungoti ilipo. Mumufunse kuti munthu akapwetekedwa ndi naitrojeni amuthamangitsira kuchipatala chiti chimene chili ndi chipinda chopanikiza mpweya, ndipo ndi ulendo wa maola angati. Wodziwa ntchito yake amayankha osaganiza kawiri. Mumupemphe nambala yake ya umembala, chifukwa chilolezo chophunzitsira amachikonzanso chaka ndi chaka, ndipo mabungwe akuluakulu ali ndi njira yoti mutsimikizire ngati chake chikugwirabe ntchito. Akakwiya ndi funso limeneli, yankho mwalipeza. Ngati sakupatsani fomu ya zaumoyo yofunsa za mphumu, mtima, makutu ndi mankhwala amene mukumwa, kapena akukunong'onezani kuti mungolemba "ayi" paliponse kuti zisachedwe, nyamulani chikwama chanu.

Pali funso limodzi limene ndimalikonda: "Tsiku lomaliza nyanja ikadzalusa, kapena khutu langa likadzakana, tidzatani?" Mvetserani bwino. Pakati pa anthu a skuba pali lamulo losalembedwa loti aliyense akhoza kuthetsa daivi nthawi ina iliyonse, pa chifukwa china chilichonse, popanda womufunsa kapena kumuseka. Mphunzitsi amene walonjeza masiku awiri wadzimanga yekha. Khutu lanu likakana pa mamita 6, iyeyo ali ndi gulu lina mawa, adzakukokerani pansi ndi maso ake okha, ndipo inu chifukwa cha manyazi mudzakakamiza. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Komatu musati poti mayiwo ndi osayankhula ndiye kuti basi ndi abwino. Ukali si luso. Alipo aphunzitsi ena amene amayesa kuti kukalipa, kunyoza ndi kudzidzimutsa ophunzira ndiye kuphunzitsa, ndipo wophunzira woopa mphunzitsi amabisa mavuto, chimene ndi choopsa kwambiri pansi pa madzi. Muwayese nawonso. Mukatuluka m'madzi, kodi akukuuzani mwatchutchutchu chimene mwalakwitsa ndi mmene mungachikonzere? Mukafunsa funso lomwelo kachitatu, nkhope yawo ikusintha? Ndipo poti ndinu mlongo wanga ndinene ichi: ntchito imeneyi ili ndi kugwiranagwirana, kumanga malamba, kukonza jekete. Mphunzitsi waulemu, kaya ndi bambo kaya ndi mayi, amapempha kaye asanakugwireni. Wa nthabwala zokhudza thupi lanu musamupatse mpata wachiwiri.

Madaivi 14 ndi ochepa, koma si ochepa moti simungayambe. Mayiwo akadzakuonani n'kukuuzani kuti mukachite kaye ena khumi osapitirira mamita 18, musakhumudwe, kachiteni.

FUNSO

Akulu,

Ine ndili ndi madaivi oposa 120 ndipo ndikufuna kulowa gawo la technical, la madaivi opitirira malire a skuba wamba, mwinanso m'mapanga. Ndapeza mphunzitsi amene ali ndi makhadi a uphunzitsi oposa makumi awiri. Kodi kuchuluka kwa makhadiku si umboni wokwanira?

Mphwanu wokonda zakuya

YANKHO

Aphwanga,

Makhadi makumi awiri amandiuza kuti munthuyo wakhala m'makalasi ambiri. Funso langa kwa iye lingakhale lina: tsiku limene sakuphunzitsa, amalowa madzi otani? Ngati akufuna kukuphunzitsani madaivi oima m'njira pokwera, koma iyeyo amawachita pokhapokha pali wophunzira wolipira, ndiye kuti akuphunzirira pa inu. Akuonetseni buku lake la madaivi kapena kompyuta yake ya pamkono, muone miyezi 12 yapitayi. Mumufunsenso amene anamuphunzitsa. Gawo limeneli ndi la anthu ochepa, amadziwana, ndipo mabungwe ake monga IANTD, imene inayamba mu 1985, TDI ya mu 1994 ndi GUE ya mu 1998, ali ndi kaphunzitsidwe kosiyana ndithu, kotero kuno dzina la bungwe lili ndi kulemera kuposa mmene ndauzira mlongo wathu pamwambapa.

Kusiyana kwake n'koti pa skuba wamba zinthu zikavuta mumakwera. Mu technical kumwamba kwatsekedwa, kaya ndi denga la phanga, kaya ndi naitrojeni amene wadzaza m'thupi. Vuto lililonse muyenera kulithetsera pansi pomwepo. N'chifukwa chake anthu a m'mapanga amagawa mpweya patatu: gawo limodzi polowa, limodzi potuluka, lachitatu losungira tsoka. Mphunzitsi woyenera adzakubwezani pa mamita 6, mukhale masiku mukutseka ndi kutsegula mavavu kumsana kwanu osasuntha pamalo, ndipo mudzanyansidwa naye. Gulu lake silipitirira atatu kapena anayi.

Kayeso kakang'ono nayi. Muone mmene amachitira ndi nitrox, mpweya uja woonjezera okosijeni. Wa 32 peresenti malire ake ndi mamita 33 kapena 34, ndipo kupitirira apo okosijeni akhoza kukugwetsani khunyu m'madzi, regulator n'kuchoka pakamwa. Mphunzitsi wosamala sakupatsani silinda n'kuti "iyi ndi 32, ndayeza kale." Amakupatsani choyezera, muyeze nokha iye akuona, mulembe pa silinda peresenti, malire a kuya ndi dzina lanu. Amene amadumpha kanthu kakang'ono aka pamtunda, dzuwa likuwala, musapite naye m'phanga.

FUNSO

Achimwene,

Ndili pakati pa kosi. Mphunzitsi waika madaivi awiri omaliza m'mawa wa tsiku limene ndikukwera ndege madzulo. Akuti palibe vuto, amachita choncho kawirikawiri. Ndalipira kale zonse.

Mlendo wapaulendo

YANKHO

Anzanga,

Musalowe m'madzi tsiku limenelo. Malangizo a bungwe la DAN, limene limafufuza za ngozi za skuba, ndi oti padutse maola osachepera 12 mukachita daivi imodzi, ndipo osachepera 18 mukachita madaivi angapo kapena mwakhala mukulowa masiku otsatizana, monga mmene zilili ndi inu. M'ndege mpweya umapanikiza mocheperapo kuposa pansi, ndiye naitrojeni wotsala m'thupi akhoza kuchita thovu m'magazi ndi m'mfundo, inu muli m'mwamba, kutali ndi thandizo.

Ndalama zanu sizinapite. Pemphani mphunzitsiyo akulembereni ndi kusaina madaivi amene mwamaliza, m'buku lanu komanso pa fomu ya bungwe, kuti otsalawo mukamalize kwa mphunzitsi wina wa bungwe lomwelo. Mapepalawo amakhala ndi nthawi yake yogwira ntchito, choncho mufunse tsiku limene athere. Mukafika kwanu mulembere bungwelo, nthambi yake yoona za khalidwe la aphunzitsi, mutchule masiku, maola a madaivi ndi ola la ndege yanu.